Charles Courtney, kalipentala amene anamuchekera mabwato usiku

M'zaka za m'ma 1870, ku America ndi ku Canada kunalibe masewera amene ankasonkhanitsa chikhamu kuposa mpikisano wa amuna awiri opalasa mabwato. Basketball inali isanayambe n'komwe, ndipo baseball inali ikungoima kumene. Amuna awiri ankatha kupikisana kwa theka la ola pamadzi, wopambanayo n'kutenga madola 6,000 kapena 10,000, pa nthawi imene munthu wa ntchito yamanja ankalandira dola imodzi kapena awiri patsiku. Koma ndalama zenizeni sizinali za mphothozo. Zinali m'matumba a anthu obetcha amene ankadzaza m'mphepete mwa madzi, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinadzawononga masewerawa. Munthu amene anaona zonsezi ndi maso ake, n'kupsa nazo, kenako n'kudzamanga china pamwamba pa phulusalo, anali Charles Edward Courtney.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi bwato lenilenilo. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amapalasa atayang'ana kumene akupita, nkhafi imodzi ili m'manja mwake. Wa mpikisano amakhala chofulatira kumene akupita, ndipo nkhafi zake ziwiri zimakolekedwa pa zitsulo zimene zimatulukira kunja kwa bwato, uku ndi uku. Bwato lake ndi lalitali mamita 8 kapena 9, koma m'lifupi n'longokwana chiuno cha munthu mmodzi, ndipo limalemera makilogalamu pafupifupi 14. Likasiyidwa lokha pamadzi, munthu atakhalamo popanda nkhafi, limagudubuzika. Ena mwa mabwato a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi mkungudza wopala mopyapyala kwambiri, ena ndi mapepala omatidwa n'kupakidwa vanishi, ntchito imene kampani ya Waters ya ku Troy m'chigawo cha New York inatchuka nayo. Bwato lotere macheka wamba amalimaliza m'mphindi zochepa.

Courtney anabadwa pa 13 Novembala 1849 ku Union Springs, katauni kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja ya Cayuga m'chigawo cha New York. Nyanjayi ndi yopyapyala ngati mtsinje, yaitali makilomita pafupifupi 60, ndipo kumapeto kwake chakumwera kuli tauni ya Ithaca, kumene kuli yunivesite ya Cornell. Bambo ake anamwalira iye akadali mwana. Anakula n'kukhala kalipentala, ndipo mabwato ake oyamba anakhoma yekha. Mu 1868 anapita ku mpikisano ku Aurora, tauni ina ya panyanja yomweyo, ndi bwato lake lodzikhomera, lolemera ndi losaoneka bwino poyerekeza ndi mabwato ogula a anzake awiri. Anawasiya kutali. Kuyambira pamenepo mpaka 1877 anapikisana ngati wosalandira malipiro, ndipo sanagonjepo: anapambana maulendo 88, kuphatikizapo ukatswiri wa dziko lonse mu 1875 ndiponso mpikisano wa ku Philadelphia mu 1876, pa chikondwerero choti America yatha zaka 100 ili pa ufulu.

Kusiyanitsa wopalasira ulemu ndi wopalasira ndalama inali nkhani yaikulu masiku amenewo, ndipo sinali nkhani ya ndalama yokha ayi. Mipikisano yopalasa inayamba ndi anthu osauka, amene ntchito yawo inali kuwolotsa anthu pa mtsinje wa Thames ku London. Mpikisano wawo wa Doggett's Coat and Badge unayamba mu 1715 ndipo ukuchitikabe. Ana a anthu olemera analowerera pambuyo pake: mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ku England anayamba kupikisana mu 1829, a Harvard ndi Yale ku America mu 1852. Atalowerera, sanafune kugonja kwa anthu a zikhatho zokhakhala. Ku England, malamulo a 1879 a mpikisano wotchuka wa mabwato wa ku Henley, pa mtsinje wa Thames, ananena poyera kuti mmisiri, makaniko kapena wa ntchito yamanja sangawerengedwe m'gulu la osalandira malipiro, ngakhale atakhala kuti sanalandirepo khobiri chifukwa cha nkhafi. Ku America bungwe la National Association of Amateur Oarsmen, limene linakhazikitsidwa mu 1872, silinafike pamenepo. N'chifukwa chake kalipentala wa ku Union Springs ankatha kupikisana ndi ana a mabwana kwawo, pamene ku Henley, lamulo lija litakhazikitsidwa, munthu wotere sakanamulola n'komwe kupikisana.

Mu 1877 Courtney analowa m'gulu la opalasira ndalama, ndipo mavuto anayamba chaka chomwecho. Mu Julayi, pa nyanja ya Greenwood, amayenera kupikisana ndi James Riley. Atangodya chakudya anamwa tiyi wozizira, ndipo posakhalitsa anayamba kusanza, m'mimba mukupotokola, moti mpikisano sunachitike. Iye ndi anthu ake anati m'tiyimo munathiridwa mankhwala ndi anthu obetcha. Ena anati anangochita mantha. Atachira anamugonjetsa Riley bwinobwino, koma kambewu ka chikayikiro kanali katagwa kale m'nthaka.

Hanlan

Mdani wake weniweni anali ku Toronto. Edward Hanlan, amene aliyense ankangomutchula kuti Ned, anabadwa mu 1855 ndipo anakulira pa chilumba cha Toronto, pamene bambo ake anali ndi hotela. Kupita kumsika kapena kusukulu kunali kupalasa basi. Anali wamfupi, wolemera makilogalamu osafika 70, pamene Courtney anali chimunthu chachitali cha mapewa otambalala. Chimene Hanlan anali nacho chinali luso la mpando woyenda.

Kale wopalasa ankakhala pa thabwa lokhomerera, ndipo mphamvu zonse zinkachokera kumsana ndi m'manja. Cha m'ma 1870 kunabwera mpando umene umatsetsereka pa tinjanji tiwiri. Wopalasa amamangirira mapazi pa thabwa, amapinda mawondo n'kusendera kutsogolo, amaviika nkhafi, kenako amakankha ndi miyendo. Ambiri anautenga mpandowu ngati kachinthu kongowonjezera, ankasendera pang'ono chabe n'kumadalirabe mikono. Hanlan anatalikitsa tinjanjito ndipo anaphunzira kugwirizanitsa miyendo, msana ndi manja kuti zigwire ntchito motsatana popanda kugwedeza bwato. Ankapalasa maulendo ochepa pa mphindi kuposa anzake, koma bwato lake silinkaima pakati pa kupalasa kumodzi ndi kwina. Analinso wachipongwe. Akatsogola ankatha kuima n'kumabayibitsa anthu, kudikira mnzake kuti ayandikire, kenako n'kumusiyanso.

Awiriwa anakumana koyamba pa 3 Okutobala 1878 ku Lachine, pafupi ndi Montreal. Mtunda unali mamailosi asanu, omwe ndi makilomita 8: kupita, kuzungulira chizindikiro, n'kubwerera. Lero pa Olimpiki amapalasa mamita 2,000 okha, ndiye mungaone kuti imeneyo inali ntchito ina. Hanlan anapambana, koma anangomusiya Courtney ndi mpata wopitirira pang'ono kutalika kwa bwato limodzi. Kwa munthu wina aliyense, kugonja motero kwa Hanlan kukanakhala ulemu. Kwa Courtney kunakhala mlandu. Anthu a ku New York amene anataya ndalama zawo anayamba kunena kuti wagulitsa mpikisano, poti kutatsala pang'ono kuti ayambe, ndalama zambiri za obetcha zinasamukira mwadzidzidzi kwa Hanlan. Umboni panalibe, koma nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo aliyense ankafuna kuti awiriwa akumanenso.

Amene anaona mwayi pamenepa anali Asa Soule wa ku Rochester, mwini wa mankhwala otchedwa Hop Bitters. Ankawatsatsa kuti amachiza pafupifupi nthenda iliyonse, koma mphamvu yake yaikulu inali mowa umene unali m'botolomo. Soule ankadziwa kutsatsa malonda kudzera m'masewera, moti anali kale ndi timu ya baseball yotchedwa dzina la mankhwala akewo. Analonjeza madola 6,000 kwa wopambana, mpikisano n'kuikidwa pa 16 Okutobala 1879 pa nyanja ya Chautauqua, pafupi ndi tauni ya Mayville. Okonza mpikisanowo anamanga malo okhala oonerera, anayala njanji m'mphepete mwa nyanja kuti sitima izitsatira mabwato, mahotela anakweza mitengo, ndipo akuba a m'matumba ndi a juga anabwera ngati ntchentche.

Kutacha m'mawa wa tsikulo, anthu anapeza mabwato awiri a Courtney atachekedwa ndi macheka m'nyumba imene ankasungidwa. Alonda ake anali atachokapo usikuwo. Anamupatsa mabwato ena kuti abwereke, iye anakana, ponena kuti bwato la mpikisano limakonzedwa molingana ndi thupi la mwini wake. Zimenezo n'zoona ndithu, koma kwa khamu limene linalipira sitima ndi malo ogona, zinamveka ngati kuthawa. Woimbira mpikisano, William Blaikie, analamula Hanlan kuti apalase yekha. Anapalasa makilomita 8 aja m'mphindi zosakwana 34 ndipo Blaikie anati wapambana. Atapita kukatenga ndalama kubanki anabwerako chimanjamanja. Soule anati iye analonjeza kulipira mpikisano, ndipo munthu mmodzi sapikisana yekha.

Amene anacheka mabwatowo sanapezeke mpaka lero. Mbali ya Courtney inati Hanlan anali atamwa mowa masiku amenewo, anthu ake anaopa kuti agonja, anapempha kuti tsiku lisinthe, anayesa kumunyengerera Courtney ndi ndalama, ndipo zonse zitakanika anatuma munthu ndi macheka. Mbali ya Hanlan inati Courtney ankadziwa kuti sangapambane, anapempha kuti amusiyire mpikisano, ndipo atamukanira, anthu ake omwe anacheka mabwatowo kuti apeze pothawira. Nkhani ziwirizi zikutsutsana pa dzina la wolakwa, koma zikugwirizana pa chinthu chimodzi chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa macheka: mbali zonse zikuvomereza kuti usiku umenewo anthu ankakambirana zoti wina agonje dala. Zimenezo sizinadabwitse aliyense wa m'masewerawa. Zinali zozolowereka.

Soule anakakamizika kuikanso ndalama zija, ndipo awiriwa anakumananso pa 19 Meyi 1880 pa mtsinje wa Potomac ku Washington. Anthu pafupifupi 100,000 anabwera, Pulezidenti Rutherford Hayes analipo, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo anaimitsa zokambirana kuti akaonere. Courtney anadzuka akudandaula mutu. Atangoyamba, Hanlan anatsogola. Courtney anayamba kuima, kunyowetsa mutu ndi madzi, ndipo asanafike n'komwe pokhotera anatembenuza bwato n'kuyamba kubwerera. Anthu amene anali kumapeto, osadziwa zimene zachitika kutaliko, ataona Courtney akubwera yekha anayamba kukuwa kuti akupambana. Hanlan anakazungulira chizindikiro, anabwerera, n'kumupitanso asanafike pomalizira. Manyazi oposa pamenepa pamadzi ndi osowa.

Hanlan anatenga madola 6,000 ake, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anagonjetsa Edward Trickett wa ku Australia pa Thames n'kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi, mpaka William Beach atamulanda ulemuwo ku Sydney mu 1884. Courtney anapitiriza kupikisana kwa zaka zingapo. Pa mipikisano 46 ya ndalama anapambana 39, chiwerengero chimene wina aliyense angachinyadire, koma anthu ankangokumbukira tiyi, macheka ndi mutu. Masewera enieniwo nawonso anayamba kuzilala. Munthu sangapitirize kulipira sitima kukaonera mpikisano umene akuganiza kuti unatha kale dzulo usiku m'chipinda cha hotela. Pofika m'ma 1890, ku America mpikisano wopalasira ndalama unali utatsala dzina lokha, ndipo khamu linasamukira ku baseball, nkhonya ndi mipikisano ya mayunivesite.

Ku Cornell

Mu 1883 ophunzira a ku Cornell anamupempha kuti awathandize kwa masiku khumi okha, pokonzekera mpikisano wa bwato la anthu anayi pa nyanja ya George. Panali ena amene sanasangalale nazo, poti mbiri ya munthuyo inali itaipa. Anyamatawo anapambana. Anamuitananso, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 anali mphunzitsi wokhazikika. Anakhala ndi Cornell mpaka imfa yake, zaka 37 kuchokera pa masiku khumi aja, ndipo ophunzira ankangomutchula kuti Mdala.

Kuphunzitsa bwato la anthu 8 ndi ntchito yosiyana ndi kupalasa wekha. Aliyense amagwira nkhafi imodzi yokha, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo. Kumbuyo kwa bwato kumakhala kamnyamata kopepuka kowongolera, ndipo ndi iko kokha kamene kamaona kumene akupita. Moyang'anizana nako kumakhala wotsogolera kapalasidwe, amene anzake 7 amatsatira msana wake. Mmodzi akachedwa kuviika nkhafi ndi kachigawo kochepa ka sekondi, bwato limapendama, ndipo mphamvu za enawo zimathera kuliwongola. Choncho amuna 8 amphamvu kwambiri pasukulu sapanga timu yabwino kwambiri. Courtney ankasankha anthu amene matupi awo amamvana, ndipo nthawi zambiri matimu ake ankakhala opepuka kuposa a adani awo.

Apa ndi pamene ukalipentala unamuthandiza. Ankayeza yekha kutalika kwa zitsulo zokolekapo nkhafi, malo a thabwa la mapazi ndi kutalika kwa mpando, kuti zigwirizane ndi miyendo ndi msana wa mnyamata aliyense. Mabwato a Cornell ankakhomedwa pomwepo ku Ithaca, ndipo mmisiri wake John Hoyle ndi amene anadzalowa m'malo mwake pa uphunzitsi. Courtney ankakondanso kujambula zithunzi, ndipo ankajambula anyamata ake ali mkati mopalasa kuti aliyense adzionere yekha pamene wapinda msana kapena pamene nkhafi yake yatsalira. Chimene ankalimbikira kwambiri chinali kabwereredwe ka mpando. Amuna 8 akasendera kutsogolo mothamanga kuti akaviikenso nkhafi, kulemera kwawo konse kumakagunda pa matabwa a mapazi, bwato n'kuchita ngati lamangidwa mabuleki. Ankafuna kuti manja achoke pathupi msanga, koma mpando ubwerere pang'onopang'ono, msana uli chilili, kuti bwato lipitirize kuyenda lokha nkhafi zili m'mwamba. Woyang'anitsitsa aona kuti limeneli ndi phunziro lomwe lija la bwato la Hanlan, limene Courtney analiona pafupi ndi maso ake.

Harvard ndi Yale, masukulu akale a anthu olemera, anali atadzipatula kuyambira m'ma 1870 n'kumapikisana okhaokha, ndipo kwa zaka zambiri Yale sinkafuna kukumana ndi Cornell pa bwato la anthu 8. Choncho mayunivesite a Cornell, Columbia ndi Pennsylvania anakhazikitsa bungwe lawo, Intercollegiate Rowing Association, ndipo mpikisano wake woyamba unachitika mu 1895 pa mtsinje wa Hudson ku Poughkeepsie. Mtunda unali mamailosi anayi, makilomita 6 ndi theka, ndipo oonerera ankakwera sitima ya mabogi opanda makoma imene inkayenda m'mphepete mwa mtsinje limodzi ndi mabwato.

Chaka chomwecho Courtney anatenga timu ina kupita nayo ku Henley kukalimbirana chikho cha Grand Challenge, ndipo ulendowo unatha moipa. M'ndime yoyamba anakumana ndi Leander, kalabu yamphamvu kwambiri ku England. Woimbira atafunsa ngati onse akonzeka, ena a Leander anayankha kuti ayi, koma iye sanamve ndipo analamula kuti ayambe. Cornell inanyamuka, Leander inatsala. Anyamata a Cornell anapalasa mpaka kumapeto okha n'kupatsidwa chipambano. Pa malamulo sanalakwe. Pa mwambo wa Angelezi anayenera kuima n'kubwerera, ndipo nyuzipepala za kumeneko zinawadzudzula kwambiri, zina n'kumaloza chala mphunzitsi wawo wolipidwa. Tsiku lotsatira anakumana ndi Trinity Hall, koleji ya ku yunivesite ya Cambridge. Anayamba mothamanga, akupalasa maulendo opitirira 40 pa mphindi, anatsogola, koma chakumapeto anatheratu mphamvu, kapalasidwe kanasokonekera, ndipo Trinity Hall inawadutsa n'kudzatenganso chikhocho.

Atabwerera kwawo, anthu oonerera anaona kuti Cornell yayamba kupalasa motalikitsa ndiponso modekha. Courtney sankavomera kuti anatengera Angelezi, ndipo poona mmene anamulandirira, n'zomveka kuti sakanavomera. Kaya anatengera kaya sanatengere, zotsatira zake zinaoneka msanga. Cornell inapambana ku Poughkeepsie mu 1896. Mu 1897 Harvard ndi Yale analola kukumana nayo. Harvard inali itaitanitsa Rudolph Lehmann, Mngelezi wophunzira ku Cambridge amene ankaphunzitsa osalandira malipiro, ndipo Yale inali ndi Bob Cook, wophunzira wake wakale amene anakaphunzira kapalasidwe ku England. Nyuzipepala zambiri zinkaona ngati nkhondo ili pakati pa awiriwo. Anyamata opepuka a kalipentala anafika poyamba, Yale yachiwiri, Harvard yachitatu. Patangotha sabata anagonjetsanso Columbia ndi Pennsylvania pa mtsinje womwewo.

Pennsylvania inalamulira kuyambira 1898 mpaka 1900, kenako Cornell inatenga ukatswiri mu 1901, 1902 ndi 1903, mu 1905, 1906 ndi 1907, ndiponso zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1909 mpaka 1912. Timu ya 1901 inamaliza mamailosi anayi aja m'mphindi 18 ndi masekondi 53, liwiro limene linakhala zaka zambiri osapitiridwa pa mtsinjewo.

Ulamuliro wake unali wa munthu mmodzi. Asanavomere ntchito yokhazikika anafuna kuti kusankha timu kukhale m'manja mwake, osati mwa kaputeni kapena ophunzira akale amene ankapereka ndalama, zimene zinali zachilendo pa nthawi imene matimu ambiri a mayunivesite ankayendetsedwa ndi ophunzira okha. Mowa ndi fodya zinali zoletsedwa. Wolephera m'kalasi ankatsika m'bwato, kaya akhale wamphamvu bwanji. Ku Cornell amakambabe za anyamata amene anawachotsa m'timu kutatsala masiku ochepa kuti apikisane, mlandu wake kudya keke ya masitiroberi pamene iye analetsa. N'zoseketsa, ndipo mwina zinapitirira muyezo. Koma munthu amene anadwalapo ndi kapu ya tiyi kutatsala maola ochepa kuti apikisane, amene alonda ake anachoka pakhomo usiku umodzi wokha mabwato n'kuchekedwa, sangaone chakudya kapena lamulo laling'ono ngati nkhani yamasewera. Ine ndimaona kuti ukali wake wonse unali wa munthu amene anatsimikiza mtima kuti pa timu yake pasadzapezeke kampata kamene munthu wakunja, kaya wobetcha kaya bwana, angalowetsepo dzanja.

Sanali yekha wochokera ku mipikisano ya ndalama. Ku Pennsylvania kunali Ellis Ward, mmodzi wa abale anayi a banja la Ward amene anatchuka m'ma 1860 ndi 1870. Hanlan mwiniwakeyo anaphunzitsapo ku yunivesite ya Toronto ndi ku Columbia, koma sanafike pamene Courtney anafika, ndipo anamwalira mu 1908 ali ndi zaka 52. Amene anamuvutitsa kwambiri Courtney anali James Ten Eyck, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Syracuse, amene anamulanda ukatswiri mu 1904, 1908, 1913 ndi 1916. Mwana wa Ten Eyck, amene bambo ake anamutcha Edward Hanlan Ten Eyck polemekeza mnzawo wa ku Toronto uja, ndiye anali munthu woyamba wa ku America kupambana mpikisano wa Diamond Sculls, wa mabwato a munthu mmodzi, ku Henley, mu 1897. Masewera a mayunivesite, amene ankadzitama kuti ndi oyera ndiponso opanda ndalama, anaphunzitsidwa ndi amuna omwe aja amene ankanyozedwa kuti ndi a juga. Ana a mabwana ankapalasa, koma odziwa mmene bwato limayendera anali akalipentala, asodzi ndi owolotsa anthu. Ku England lamulo loletsa anthu a ntchito yamanja linakhalapobe mpaka 1937. Mu 1920 Henley inakana Jack Kelly wa ku Philadelphia, amene anayamba ntchito ngati womanga nyumba za njerwa, ndipo chaka chomwecho iye anakatenga mendulo ziwiri zagolide pa Olimpiki ku Antwerp.

Mu Juni 1915, ali m'sitima kupita ku Poughkeepsie ndi timu yake, sitimayo inagwedezeka mwamphamvu ndipo Courtney anamenyetsa mutu. Anakana kugonekedwa m'chipatala mpaka mpikisano utatha. Cornell inapambana, Stanford n'kukhala yachiwiri, ndipo madokotala atamuyeza anapeza kuti chigaza chinali chitasweka. Thanzi lake silinabwererenso mwakale. Pambuyo pa mpikisano wa 1916 anatula pansi ntchito ya tsiku ndi tsiku n'kukhala mlangizi, ndipo kuyambira 1917 mpaka 1919 mpikisano wa bungwe lija sunachitike chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondo itatha anabwereranso pamadzi ali ndi zaka pafupifupi 70. Mpikisano wa 1920 unachitikira pa nyanja ya Cayuga ku Ithaca m'malo mwa Poughkeepsie, ndipo pa bwato lalikulu Syracuse ya Ten Eyck inapambana, Cornell n'kubwera yachiwiri. Patangotha milungu yochepa, pa 17 Julayi 1920, Courtney anamwalira ndi sitiroko, ndipo chaka chotsatira timu anaitenga John Hoyle.